SOKOSI IMODZI IKASOWA, SESANI NYUMBA MUSANALOZE CHALA

 

Mau athu a lero ali pa Luka 15:8-10. Ndi mavesi atatu chabe, mukapeza mpata muwerenge nokha. Koma tisanafike kumeneko ndifuna tikambe za masokosi. Inde, masokosi. Musaseke, chifukwa kanthu kameneka kanatsala pang'ono kundionongera mwana m'nyumba.

Inu nonse muidziwa nkhani iyi. Pa Chiweru mwachapa, mwayanika pa waya, madzulo mwaanula. Pa Sondo m'mawa nthawi yatha, belu la tchalitchi lili pafupi kulira, mutsegula chikwama cha zovala ndipo mupeza sokosi imodzi. Inzake kulibe. Pa Mande ndiye nkhondo yeniyeni: mwana wavala yunifomu, nsapato zapukutidwa, koma sokosi yoyera ili imodzi. Nyumba iliyonse ili ndi kapulasitiki kapena kadirowa kosungiramo masokosi amasiye, oyembekeza anzao amene sabwera.

Manje ine ndili ndi funso. Sokosi ikasowa kwanu, mau oyamba kutuluka pakamwa panu ndi ati? Mumati "ili kuti?" kapena mumati "watenga ndani?" Mafunso awiriwa aoneka ngati amodzi, koma loyamba litumiza munthu pansi pa bedi, lachiwiri litumiza munthu pa khosi la mnzake. Ndipo ndaona kuti ambiri a ife, ine woyamba, tithamangira lachiwiri.

Ndiulule changa. M'nyumba mwathu tikulera mwana wa malemu alongo anga, mtsikana wa ku sekondale. Pa Chiweru ndiye amathandiza amai ake aang'ono kuchapa. Chaka chatha, nyengo ya mphepo ija ya August, masokosi anga akuda anayamba kusowa imodzi imodzi. Yoyamba ndinangodandaula. Yachiwiri ndinang'ung'udza. Yachitatu inasowa pa Sondo m'mawa, tsiku limene ansembe anali ku mpingo wina ndipo ine ndiye ndinali kutsogolera mapemphero. Ndinamuitana pamaso pa ana anga onse. Ndinati, "Iwe, masokosi anga ukugulitsa kapena?" Iye anagwada nati, "Amalume, ndinachapa imodzi chabe. Ndiyo inali mu basiketi." Ine osamva. Ndinaonjezera mau amene mpaka lero ndichita nao manyazi: "Chibwerere iwe m'nyumba muno, zinthu sizikhalitsa."

Ndinavala yakuda phazi lina, yabuluu phazi lina, kasoki n'kubisa zonse. Ndinaima kutsogolo ndi kuuza mpingo kuti tigwade tiulule machimo athu. Ndinapatsa anthu dzanja la mtendere. Palibe anaona mapazi anga, ndipo palibe anaona chimene ndinasiya kunyumba.

Patapita masabata angapo, akazi anga anaganiza zosuntha bedi kuti asese bwino mvula isanayambe. Kuseri kwa bedi, pakati pa matiresi ndi chipupa, kunali masokosi awiri akuda, odzala fumbi, osachapa. Yachitatu inapezeka m'mwendo wa thalauzi imene ndinavala pa maliro ndi kuipachika osaivalanso. Wakuba anali ine. Malaiti akapita, ndimavula masokosi mumdima, ndi zala za kumapazi, nditagona kale. Mwana uja ananena zoona: anachapa imodzi chifukwa imodzi ndiyo inafika mu basiketi.

Akazi anga sanakambe zambiri. Anaika masokosi atatuwo pa tebulo nati, "Atate ake, mwaona? Koma mwazindikira kuti mwana uja masiku ano sadyera nafe pamodzi?" Ndinali ndisanazindikire. Anali kutenga mbale yake n'kukadyera kuseri kwa nyumba. Ndipo Chiweru chilichonse asanathire madzi mu dishi anali kuyala zovala pansi ndi kuitana amai ake aang'ono kuti, "Bwerani muwerenge." Mwana wa alongo anga, m'nyumba ya amalume ake, anayamba kukhala ngati munthu wa pa belo ya kupolisi. Zonsezi chifukwa cha kansalu kamene mtengo wake sufika ngakhale pa botolo la saladi.

Tisanapite ku Mau a Mulungu, tiyeni tikhale anthu oganiza. Masokosi apita kuti?

Ambiri sasowa pochapa, asowa asanafike pochapa. Atsalira mu nsapato, pansi pa mpando, mu chikwama cha sukulu. Mwana wavula kuti amenye bola pobwerera kunyumba, imodzi yagwa m'njira. Ena alowa m'mwendo wa thalauzi kapena m'ngodya ya shiti ndipo apindidwa nayo pamodzi. Ena atayidwa ndi madzi a thovu, chifukwa sokosi yakuda pansi pa dishi sioneka. Pa waya, ngati mulibe mapegi, mphepo ya July ndi August itenga chopepuka n'kuchiponya mu mpanda kapena pa denga la aneba. Kagalu kakonda chinthu chonunkha mwini wake. Khoswe akokera nsalu ku una wake. Anyamata afuna chokulungira chimpombwa. Inu amene muli ndi mashini ochapira, yang'anani mu mphira wa pa chitseko ndi mu kasefa ka kunsi, tumasokosi twa ana tupezeka kumeneko. Werengani njira zonsezi, ndipo muone kuti m'njira zambiri mulibe wakuba.

Tsopano tiyeni kwa Luka. Afarisi ndi alembi anali kung'ung'udza kuti Yesu alandira anthu ochimwa ndi kudya nao. Iye anawayankha ndi mafanizo atatu: nkhosa yotayika, ndalama yotayika, mwana wotayika. La pakati ndi la mai amene anali ndi ndalama zasiliva khumi, imodzi n'kusowa. Ndalama imeneyo inali dirakima, pafupifupi malipiro a munthu wa ganyu a tsiku lathunthu. Inu a pamaketi ganizani phindu lanu lonse la kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Sinali nkhani yaing'ono kwa iye. Nyumba za anthu osauka a nthawi imeneyo zinali zamdima, mazenera ang'onoang'ono, ndiye chifukwa chake anafunika nyale.

Tanthauzo lalikulu la fanizoli tisalisokoneze: mai uja ndi chithunzi cha Mulungu, ndalama yotayika ndi inu ndi ine, ndipo kumwamba kumakhala chimwemwe wochimwa mmodzi akalapa. Koma taonani mmene mai uja anafunira. Anayatsa nyale. Anatenga tsache. Anafunafuna mosamala mpaka anaipeza. Kodi aneba anawaitana liti? Anawaitana kumapeto, kuti adzakondwere naye. Sanawaitane kumayambiriro kuti adzawafunse kuti analowa m'nyumba ndani dzulo. Anali ndi anzake, anali ndi aneba, anthu oti akanatha kuwaganizira analipo. Koma iye anayamba ndi pansi pa nyumba yake.

Ife tinatembenuza dongosolo. Tiyamba ndi aneba, tsache timalizira. Ndipo nthawi zambiri tsache sitiligwira n'komwe, chifukwa tikapeza munthu womuloza, mtima ukhala pansi ngati kuti chinthu chapezeka. Kusesa n'kovuta: uyenera kuwerama, kusuntha bedi, kuona fumbi lako lomwe. Kuloza chala n'kosavuta, ungoimirira.

Ndipo taonani kumene chala chimapita. Sichipita kwa atate a nyumba. Sichipita kwa mwana wobadwa m'nyumbamo amene amai ake ali pomwepo kumuteteza. Chipita kwa wantchito, kwa mwana wamasiye, kwa mlamu wochokera kumudzi amene akufuna nchito mu tauni, kwa mpongozi watsopano. Chala chimadziwa amene sangayankhe. Ine sindinafunse ana anga aamuna, ngakhale ndidziwa kuti amabwereka zanga osapempha. Ndinafunsa amene alibe kwina kopita. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma sokosi ikasowa ndi pamene zimadziwika kuti wako weniweni ndi uti.

Ndidziwa ena mukuti, "A Reader, inu mukamba monga akuba kulibe. Ife m'komboni muno zovala zimapita pa waya masana dzuwa likuswa mtengo." Zoona, sindikana. Akuba alipo, ndipo ena ali m'nyumba zathu zomwe. Sindikuti mukhale opusa. Koma ndifunse inu amai a salaula, inu a ku Soweto ndi City Market mu Lusaka, inu a ku Kapata mu Chipata. Mukatsegula belo, simukhala pansi kugwirizanitsa masokosi, mtundu ndi mtundu, utali ndi utali? Muchita zimenezi chifukwa mudziwa kuti sokosi imodzi ilibe kasitomala. Nanga wakuba wanzeru zake angasiye jini, angasiye chitenge chatsopano, n'kutenga sokosi imodzi? Akaipereke kwa yani? Wakuba atenga zonse ziwiri, ndipo atenga ndi mapegi omwe.

Apa ndi pamene mtima wa munthu umadumphira ku choipa choposa. "Ngati si wakuba, ndiye kuti wapita nayo kwa sing'anga. Afuna kundimanga miyendo kuti malonda anga asayende." Abale, ndamva mau awa kwa anthu obatizidwa, odya mgonero, ovala yunifomu za mumpingo. Sokosi yauluka ndi mphepo, koma agogo a nyumba yoyandikana aleka kupatsidwa moni. Ana auzidwa kuti asakalandire chakudya kumeneko. Ndipo mudziwa kumene nkhani zotere zimathera m'midzi ndi m'makomboni athu: nkhalamba kumenyedwa, kuthamangitsidwa, nyumba kutenthedwa. Ngakhale lamulo la dziko, Witchcraft Act, Chapter 90 ya malamulo a Zambia, likuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma Mkhristu asayembekeze wapolisi kuti amuuze zimenezi. Ngati moyo wanu uli m'manja mwa Khristu amene anagonjetsa imfa, sungamangidwe ndi kansalu ka kuphazi. Mantha amene akuchititsani kuda mnzanu popanda umboni sachokera kwa Mzimu Woyera.

Lamulo lachisanu ndi chinayi, pa Eksodo 20:16, liletsa kuchitira mnzako umboni wonama. Ambiri tiganiza kuti ndi la kukhoti chabe. Iyayi. Khoti loyamba ndi la pa khonde, pamene woweruza, mboni ndi wodandaula ndi munthu mmodzi, mwini nyumba. Pa Deuteronomo 19:15 Mulungu anakana kuti munthu atsutsidwe ndi mboni imodzi; pafunika awiri kapena atatu. Ine tsiku lija ndinalibe ngakhale mmodzi. Kumbukiraninso Yosefe pa Genesis 39. Analowa m'ndende chifukwa cha chovala. Chovalacho chinalidi chake, chinalidi m'manja mwa mkazi wa Potifara, koma nkhani imene anaimangirira pa chovalacho inali yabodza. Ngati munthu angamangidwe molakwa chovala chilipo, nanga ife amene timaweruza chifukwa chovala palibe?

Anzanga a malonda, nkhani iyi si ya kochapira chabe. Pa kantemba panu ili ndi dzina lina: shoteji. Madzulo muwerenga ndalama, K50 kulibe. Maso apita pa mnyamata wokuthandizani. Koma mwasesa? Ija munatapa masana kugula ndiwo munailemba? Ya basi ya mwana? Ya chilimba imene anabwera kudzatenga inu muli pa foni? Nkhongole ya amai a mu kwaya amene anati "nizabweretsa mailo"? Chenji imene munabweza kawiri pamene makasitomala anachuluka? Inu a mabuthi a mobile money mudziwa kuti nambala imodzi yolembedwa molakwa isokoneza buku lonse. Buku ndiye tsache lanu. Ngati simulemba, simunasese, ndipo ngati simunasese mulibe ufulu woloza chala. Mukasesa bwino ndipo mwaona kuti zoona dzanja lilipo, pamenepo kambani naye, awiriwiri poyamba monga Mateyu 18:15 atiphunzitsa, osati kumuchititsa manyazi pa mzere wonse wa maketi.

Ndipo inu mabwana ndi madona amene mumadula malipiro a wantchito chifukwa cha masokosi, supuni ndi makapu osowa, samalani. Yakobo 5:4 achenjeza kuti malipiro obisidwa a anchito amalira, ndipo kulirako kumafika kwa Mulungu. Tsiku limene supuni ija idzapezeke kuseri kwa kabati, kodi mudzabweza ndalamayo? Ambiri sitibweza. Timangoibwezera supuni mu dirowa mwakachetechete, ngati palibe chinachitika.

Apa ndi pamene panandivuta ine. Masokosi atapezeka, mtima unati, "Ingokhala chete, mugulire kafanta, nkhani ithe." Mwambo wathu suphunzitsa malume kupepesa kwa mwana. Koma Mateyu 5:23-24 anandiima pakhosi: ngati ukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, chopereka chiyambe chadikira, ukayanjane naye. Sondo inali kubwera, ndipo ndinali kudzaimanso kutsogolo. Ndinaganiza kuti popeza ndinamunyoza pamaso pa onse, kupepesa kwa kuseri sikukwana. Usiku wa Chisanu, tisanadye, ndinaitana nyumba yonse. Ndinaika masokosi atatu aja pa tebulo, osachapa, ndi fumbi lake. Ndinati, "Mwanawe, unanena zoona, ine ndinanama. Mau ndinakamba aja ndi oipa. Muno ndi mwanu. Undikhululukire." Anangoyang'ana pansi nati, "Zikomo amalume." Sanaseke, sanalire.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinatha usiku womwewo. Anabwerera pa tebulo, inde. Koma kuwerengetsa zovala asanachape anapitiriza kwa miyezi. Sokosi itayika tsiku limodzi n'kupezeka tsiku lina, koma chikhulupiriro cha mwana chibwerera pang'onopang'ono ngati madzi a pa chitsime cha mu October. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Wanga unandipeza m'nyumba mwanga momwe.

Mau amodzi kwa mpingo. Nafenso tili ndi masokosi amasiye. Amai abwera, atate analeka. Pa benchi pamene pankakhala awiri pakhala mmodzi. Wachinyamata analandira chitsimikizo kwa abishopu, patapita miyezi itatu sitimuonanso. Ndipo tichita chimodzimodzi: "Anatengedwa ndi matchalitchi atsopano aja." "Ndi mowa." "Ndi mkazi uja anamukwatira." Wakuba tamupeza, nkhani yatha. Koma ndani anapita kukagogoda? Mwina akudwala. Mwina ali ndi nkhongole ya chopereka cha zomangamanga ndipo achita manyazi. Mwina anagwera kuseri kwa bedi lathu lomwe, chifukwa cha mau amene mmodzi wa ife anakamba pa msonkhano. Mulungu sanakhale kumwamba kufunsa kuti anasocheretsa munthu ndani. Anatsika, anawerama, analowa mu fumbi lathu mpaka pa mtanda. Ndiye nyale ndi tsache la Mulungu limenelo.

Tsono sabata ino ndikupemphani zinthu zazing'ono. Gulani mapegi. Phunzitsani aliyense m'nyumba, kuyambira atate, kupinda masokosi awiri pamodzi akavula ndi kuwaika mu basiketi ndi dzanja lake. Pa malonda lembani ngwee iliyonse yotuluka, ngakhale mwatenga ndinu eni ake. Chinthu chikasowa, dzipatseni tsiku limodzi lathunthu musanatchule dzina la munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ngati pamene mukuwerenga izi nkhope ya wina yabwera m'maganizo, wantchito amene munamuchotsa, mwana amene munamukalipira, aneba amene munaleka kuwapatsa moni, ndipo chinthu chija munachipeza koma simunanene, musafike pa Sondo musanapite. Ngati munadula ndalama, bwezani. Ngati munanyoza pagulu, pepesani pagulu.

Tipemphere.

Atate wachifundo, Inu amene munatifunafuna pamene tinatayika ndipo simunatope, tikhululukireni pa milandu imene taweruza popanda mboni. Tikhululukireni pa ana amene tawachititsa kukhala alendo m'nyumba zathu, ndi anchito amene tawadula malipiro pa zinthu zimene tinataya tokha. Tipatseni kudzichepetsa kuti tiwerame ndi kusesa, ndi kulimba mtima kuti tipepese ngakhale kwa wamng'ono. Chotsani mantha a ufiti m'mitima mwathu. Dalitsani onse amene akutsegula malonda m'mawa uno, manja ao akhale oyera ndi mabuku ao oongoka. Tonthozani aliyense amene akunamiziridwa lero ndipo alibe womuyankhira. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Muyende bwino pa malonda ndi pa nchito. Ambuye akhale nanu.